Madzi a achimwene pa chitunda cha Chikangawa

Apongozi anga mpaka lero amangodziwa kuti tsiku lija ndinapita ndi mwana kusikelo. Zoona zake n'zakuti ndinakwera matola kukaima pa chitunda china kufupi ndi Chikangawa, pomwe pamadutsa mpikisano wa njinga. Achimwene anga, amene masiku onse amapalasa kabaza pa boma, analowa nawo, ndipo anandipempha kuti ndikawadikire pamenepo ndi botolo la madzi.

Posakhalitsa oyamba anatulukira. Anali anthu owonda, misana yowerama, akukwera chitunda chimene malole a matabwa amakwera akulira, koma iwo osadandaula n'komwe. Achimwene anali pakati pawo, milomo itachita kuyera ndi ludzu.

Ine ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa kwathu popereka madzi kwa wamkulu. Ndinagwada m'mbali mwa msewu, botolo ndi manja awiri. Iwo anatambasula dzanja n'kugwira mphepo.

"Imirira iwe! Thamanga, apo ayi mbwenu ndifa!" anakuwa osatembenuka.

Ndinathamanga paphula, mwana wa miyezi isanu ali kumsana, kamutu kake kakugunda pamapewa anga, njinga zina zikundiphonya pang'onong'ono. Achimwene anatsomphola botolo n'kumwa osasiya kupalasa.

"Yewo chomene, mlongo!" anathokoza motero.

Sanapambane, koma anamaliza ulendo wonsewo, ndipo sindinawanyadirepo ngati tsiku limenelo. Komabe pomusambitsa mwanayu ndimamupapasa pakhosi kuopa kuti ndinamupweteka, ngakhale iye amangoseka.

Inu amayi anzanga, ndiuzeni, kodi ndinachita bwino kuthamanga ndi khanda kumsana, kapena ndikanawasiya achimwene apite ndi ludzu lawo?