Ngolo ya a Shadrick Inatsala ku Kokomo

Ku South Bend, Mmalawi aliyense amene anasamukapo nyumba amawadziwa a Shadrick Chimphonda. Mukagula sofa yakale, imbirani a Shadrick. Mwana akamapita kukoleji, imbirani a Shadrick. Pakati pa sabata amayendetsa galimoto yonyamula okalamba kupita nawo kuchipatala, koma ntchito ya pamtima pawo ndi ya Loweruka, yosalipidwa ija, yokoka katundu wa anthu.

Khalidweli anachoka nalo kumudzi. Asanabwere ku Amereka ankayendetsa matola pakati pa Ntcheu ndi Tsangano, pa pikapu imene chitseko chake ankamanga ndi linya. Kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri: galimoto sidzaza, ndipo muvi wa mafuta ukaloza pansi ndiye kuti ukungoopseza. Wa mbuzi ankakwera, wa matumba a kachewere ankakwera, ndipo mawu oti "malo atha" sanatulukepo pakamwa pawo.

Ndiye chaka chatha anagula pikapu yamagetsi, yoyera mbee. Anthu anaona nayo zakuda kutchalitchi. Akakugwira pakhomo umamva zonse: kuti siifuna mafuta, siilira, ndipo batire likadzaza imayenda mamailosi mazana atatu. Akazi awo, a Belinda, ankachita kuwakoka jekete n'kumati, "Bambo a Kenan, asiyeni anthu akadye."

Panali munthu mmodzi amene a Shadrick ankamukonda kuposa pikapuyo. Ameneyu ndi Upile, mwana wa malemu mchemwali wawo, amene a Shadrick anamulera okha mpaka kukhala namwino ku Indianapolis. Upile atapeza banja, chinkhoswe anachikonza m'paki ina ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, ndipo nkhoswe ya kuchikazi anali iwowo, malume. Anakana zoti mwambo uchitike ndi nkhuku ya mufiriji. Anapita kwa alimi achi Amishi n'kukagula msoti wamoyo, wofiira, woti akapereke kwa akuchimuna.

Analonjezanso mipando, tenti ndi masipika. Anabwereka ngolo yokoka, yotseka mbali zonse, yaitali ngati kanyumba. Apa m'pamene panalakwika, chifukwa mbiri inamveka kuti a Shadrick akupita ku Indianapolis ndi ngolo. M'mawa wa tsikulo anthu anayamba kufika, aliyense ndi "kakatundu kochepa" ka m'bale wake. Kakatundu kena kanali firiji. Kena kanali matumba a ufa. Komaliza kanali matiresi awiri, amene anawamangirira pamwamba pa ngolo poti mkati munali mutadzaza.

"Kodi batire likwana?" anafunsa a Belinda, bokosi la msoti lili pamiyendo.

"Mayi a Kenan, Indianapolis ndi theka chabe la zimene iyi imayenda. Tikafika ndi chenje."

Ananyamuka mochedwa, ndiye a Shadrick anaponda. Msewu wa 31 ndi wowongoka, minda ya chimanga uku ndi uku, ndipo tsiku limenelo mphepo inkawomba kuchokera kumene ankapita. Pikapu inkakoka bwinobwino osadandaula. Chimene chinkadandaula ndi nambala ya pa sikirini, yonena mtunda umene watsala. Akayenda mailosi imodzi, iyo inkadya awiri, nthawi zina kuposerapo. Ngolo yaitali chotere imakankhana ndi mphepo ngati chitseko, ndipo ukamathamanga m'pamene batire limathera msanga. Matiresi aja anangowonjezera moto.

A Shadrick anagogoda sikirini ndi chala, monga ankachitira ndi muvi wa ku Tsangano. Nambala inatsikanso.

"Imeneyo siopseza," anatero a Belinda. "Imeneyo ikunena."

Pofika ku Kokomo zinali zoonekeratu kuti ku Lawrence safika. Anapeza malo ochajira, koma mipata yake inali yopapatiza, yolowa galimoto yokha yopanda mchira, ndipo panali mzere. Ali pomwepo foni inalira. Anali a Yohane, mkulu wa mpingo wa ku Indianapolis.

"Achimwene, muli pati? Akuchimuna afika kalekale, ndipo malowa tabwereka mpaka masana basi. Anthu akuti mwina ndingoimirira ineyo m'malo mwanu."

A Shadrick anamva kuwawa kwenikweni. Mwana amene anamuphunzitsa kuwoloka msewu, amene analira naye maliro a mayi ake, akaperekedwe ndi munthu wobwereka? Koma kusiyanso katundu wa anthu pamsewu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, kunawachititsa manyazi. Anaima pakati pa ngolo ndi pikapu, thukuta kamukamu.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero a Belinda. "Masulani chinthucho, ngakhale kuchajako simungachaje nacho."

Anamasula. Atangozula nthambo ya ngolo n'kukwera kuti alowe pamzere, nambala ija inalumpha, pafupifupi kuwirikiza. Anayang'ana sikirini, anayang'ana akazi awo, anayang'ana msoti, n'kuona kuti popanda ngolo akhoza kufika osadikira kuchaja. Mwini sitolo ya pafupi anavomera kuti ngolo igone kuseri kwa sitolo yake. A Shadrick anaikhoma loko, n'kupepesa kwa firiji ngati ikumva.

Mtunda wotsalawo anayenda pang'onopang'ono, kumbuyo kwa lole yonyamula nkhumba kuti mphepo iziwalambalala, makina oziziritsa atathimitsa. Munthu amene ankadzitama kutchalitchi uja ankapitidwa ndi agogo. A Belinda anaseka mpaka misozi, ndipo msoti unkayankhira m'bokosi.

Analowa m'paki sikirini ikuthwanima zofiira. Mipando panalibe, tenti panalibe, masipika panalibe. Amayi anali atayala zitenje pa kapinga, akuimba ndi pakamwa n'kumawomba m'manja, ndipo akuluakulu ena ananena kuti chinkhoswe chokoma chotere anachiona komaliza ku Dedza. A Yohane anawathamangira.

"Mwana wanuyu ndi wamakani ngati inu. Wakana kutuluka m'galimoto mpaka mufike."

Mwambo unayenda. A Shadrick analandira tambala, n'kupereka msoti wawo wofiira ndi manja awiri, nthungululu zili pakamwa. Pambuyo pake anamukokera Upile pambali, mutu uli pansi, n'kuyamba kufotokoza za mipando, za mphepo, za matiresi.

Upile anawagwira dzanja. "Amalume, mipando imabwerekedwa. Malume sabwerekedwa."

A Shadrick anapukuta maso ndi mkono wa jekete, tambala ali m'khwapa, n'kufunsa mwakachetechete ngati pafupi pali pochajira.