Tsiku Limene Netiweki Inathawira ku Zambia

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Anamva kutchalitchi ku Guilleme kuti kampani ina yogula mtedza ikufuna wodziwa makompyuta padepoti yake ya kwa Mavwere, kufupi ndi malire. Ndinali nditangomaliza kosi. Anandilemba.

Ndinafika kampani ikusintha zinthu. Makompyuta akale anayi anawapakira mulole kupita nawo ku Lilongwe, m'malo mwake anabweretsa timabokosi takuda tokwana m'manja. Kabokosi kalikonse ndinkakalumikiza ku sikirini, kiyibodi ndi mausi, kenako ku rauta yokhala ndi simukhadi, kachipangizo kokoka intaneti. M'timabokosimo munalibe kanthu. Mapulogalamu ndi mayina onse a alimi zinali pakompyuta yaikulu kulikulu ku Lilongwe, ife tinkangoziona kudzera pa intaneti. A Zulu, oyang'anira depoti, ankanyadira. "Mavairasi atha, zokonzetsa zatha. Munthu mmodzi ku Lilongwe akusamala madepoti onse. Iwe uzingopukuta fumbi."

Ine ndimaona zambiri, koma pakamwa ndi polemera. Ndinaona kuti kukachita mitambo, rauta inkasiya netiweki ya kwathu n'kugwira ya ku Zambia, kumene bandulo yathu sinkagwira ntchito. Masikirini ankauma kwa mphindi zingapo, kenako n'kubwerera. Zinachitika katatu. Ndinkadziwa kuti rauta ikufunika kuikhoma pa netiweki imodzi, koma pasiwedi inali ndi wa kulikulu uja, ndipo ndinkaopa kuoneka wodzikweza ndisanathe n'komwe mwezi pantchito. Ndinangolemba masikuwo m'kope langa.

Mvula yobzalira itagwa, alimi anabwera kudzatenga mbewu ya mtedza, ena panjinga, ena pangolo. Lamulo linali lakuti thumba lisatuluke mpaka dzina litaoneka pakompyuta ndipo kapepala katasindikizidwa. Tinathandiza anthu asanu ndi awiri, basi masikirini onse anauma. Nthawi ino sanabwerere.

Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso. Zambia. Ndinachotsa simukhadi, kuipukuta, kubwezera. Zambia. A Zulu anapalasa njinga mpaka pachulu pamene foni imagwira, koma wa kulikulu sankayankha. Ndinalumikiza zingwe ziwiri n'kukwera ndi rauta mumtengo wa mango.

"Achimwene, mbewu yathu ili mumtengomo?" anakuwa bambo wina. Anthu anaseka, koma pofika masana panalibenso woseka.

Mayi wina wachikulire, amene anayenda wapansi kuchokera kutali, anandipeza ndikutsika. "Mwana wanga, matumba si awo tikuwaonawo? Dzina langa amalidziwa a Zulu. Chinyezi sichidikira."

Mndandanda wapapepala kunalibe, popeza aliyense ankati zamapepala zinatha. A Zulu anakana kutsegula nkhokwe popanda tipepala. Anthu anabwerera chimanjamanja.

Atachoka onse, ndinawaonetsa a Zulu kope langa. Ndinkaganiza kuti liwathandiza pofotokozera akuluakulu. Anawerenga masiku atatu aja, n'kundifunsa:

"Ndiye unkadziwa?"

"Eya, bwana."

"Unkasungira ndani?"

Wa kulikulu anabwera patapita masiku anayi, ndipo kukhoma rauta kunamutengera mphindi zisanu. Pamenepo n'kuti dothi litauma, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wachikulire uja sanabwerenso, dzina lake linatsala pamndandanda wa osatenga. Kumapeto kwa mwezi anandiuza kuti depoti sikufunikanso munthu wa makompyuta.

Timabokosito sindikutinena, ndalama timapulumutsadi. Koma tikaima, wovutika si mwini kampani, ndi amene wayenda wapansi. Masiku ano ndimakonza mafoni pamsika, ndipo ndikaona vuto ndimamuuza mwini wake pompo. Ndinaphunzira mochedwa. Mayi aja sindidziwa ngati anabzala kanthu chaka chimenecho, ndipo sindinalimbepo mtima kukafunsa.