Mphero ya Mayi Aakulu

Ndine mmisiri womanga ndi miyala, ndipo pa ntchito zanga zonse imene imandichititsa manyazi ndi imodzi yokha.

Chaka chomwe ankakonza kapaki kolemekeza chikhalidwe cha makolo cha ku Mphunzi, akomiti anandipatsa ntchito ya mipando ndi kakhoma. Njerwa anakana. Ankafuna mwala weniweni wa m'phiri, wotuwa wamawangamawanga uja, woti ukaumenya ndi hamala umathetheka moto. Tinaswa, tinasema, m'manja matuza okhaokha. Titatsala pang'ono kumaliza, wapampando anati pakati pakufunika chinthu chakale choti alendo azijambula. Ine ndi kamwa langa losatsekali ndinati, "Mphero ndikudziwa komwe ili."

Inali ya mayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga. Ankaperapo fodya wa m'mphuno wokagulitsa ku Chimbiya, ndipo pakati pake panali patakumbika ngati mbale, poti anaperaponso amayi awo ndi agogo awo. Sabata imeneyo iwo anali ku maliro ku Kasina. Sindinadikire. Ndinadzinamiza kuti ndiwasemera ina, miyala ku Dedza kuno imasowa ngati? Ndinaikweza pangolo, m'mawa mwake n'kuimata ndi simenti pakati pa paki.

Tsiku lotsegulira anthu anayamikira, Gule anavina, ine chifuwa patsogolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi aakulu atabwerako sanakalipe. Mayi amenewa pakamwa ndi lumo, akakutsuka umasowa pogwira, choncho kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kutukwana. Ndinawasemeradi mphero ina, yosalala bwino, n'kukaitula pakhonde. Anaiyesa. Koma mwala watsopano umasanza mchenga, ndipo fodya ankatuluka wolumaluma m'mphuno. Ogula anadandaula, kenaka anayamba kugula kwa ena. Mvula isanagwe mayi aakulu anali atasiya kupita kumsika.

Ndinkadziuza kuti ndikagumula mwalawo usweka. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukaima pamaso pa akomiti n'kunena kuti chinthu chomwe ankanyadiracho ndinachita kuba kwa mayi anga omwe.

Loweruka lina ndikukonza mpando wina umene unang'aluka kupaki kuja, ndinawaona mayi aakulu akubwera pang'onopang'ono, kanthu kali komanga pansonga ya chitenje. Anafika pamphero paja n'kugwada. Munali mutadzaza madzi a mvula ndi zikutu za maswiti. Anakapa madziwo ndi dzanja mpaka kutha, n'kupukuta ndi chitenje chawo. Kenaka anamasula mfundo ija. Munali mwana wa mphero, kamwala kobulungira komwe amagwira m'manja popera.

"Mwanawe," anatero, "unatenga make, mwanayu unasiyira yani? Mata nayenso, alendo akowo aone zonse."

Ndinagwada nanenso. "Mayi, ndinalakwa. Ndiloleni ndigumule, ndikubwezereni lero lomwe."

Anagogoda simenti ija ndi chala. "Sizingatheke. Manja ako ndimawadziwa, umamanga zolimba."

Chibadwire changa anali asanayamikirepo ntchito yanga, n'kudzayamba tsiku limenelo. Anakhala pampando wamwala, manja pamiyendo, kudikira. Ine ndinatunga madzi, n'kukanda simenti iwo akuona.