Bambo anga agona m'chitokosi pa mlandu wopanda dzina

Bambo anga agona m'chitokosi kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, ndipo mpaka pano palibe wandiuza chimene analakwa. Ndinafunsa apolisi atatu. Ndinapatsidwa milandu itatu yosiyana. Munthu mmodzi yemweyo.

Bambo amalima masitiroberi kuphiri. M'mawa amatsika ndi dengu, amagulitsa m'tauni, kenako amakwera kubwerera. Ndi munthu wamkulu, ali ndi matenda a shuga, ndipo kumpingo kwathu ndi mkulu wa mpingo. Ine ndine mwana wawo woyamba, ndimasoka zovala ku Sadzi.

Lachisanu cha m'ma 10 koloko anali atagulitsa zonse. Anakhala pa kalavati pafupi ndi msika kuti maondo apume asanayambe chitunda. Galimoto ya polisi inaima, n'kutola aliyense amene anali pamenepo. Akuti akusesa tauni chifukwa kukubwera alendo. Kusesa! Anthufe tinasanduka liti zinyalala?

Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anandiimbira foni. Ndinasiya diresi la mwini pamakina, ulendo wa ku polisi. Sindiitchula polisi yake, eni ake akudzidziwa.

Pakauntala ndinapeza wapolisi wachizimayi, maso ali pafoni. Ndinafunsa za bambo. Osadzutsa mutu anati, "Madala a dengu aja? Ndi vakabu." Ndinati vakabu dzuwa lili pamutu? Komanso si pawailesi pomwe tinamva kuti khoti linathetsa zimenezo? Apo ndiye anandiyang'ana. Akuti ngati ndabwera kudzawaphunzitsa ntchito ndikavale yunifolomu.

Wachiwiri anali m'kaofesi ka kumbuyo. Uyu anati ayi, vakabu inathadi, mlandu wa bambo ndi wokhala mwaulesi pamalo a anthu onse. Ulesi? Munthu wotsika phiri la Zomba ndi katundu, inu musanasambe n'kumaso komwe? Ndinafunsa kuti kupuma kumathera pati ndipo ulesi umayambira pati. Anati zimenezo amaona ndi wapolisi amene ali pamalopo.

Wachitatu, wamkulu wawo, ndiye anandimaliza. Akuti ndi khalidwe lomwe likanatha kusokoneza mtendere. Anatukwana munthu? Ayi. Anamenya munthu? Ayi. Anakana kukwera galimoto? Ayi. Nanga? "Mayi, ndati likanatha." Ndiye kuti masiku ano tikumangidwa pa zomwe zikanachitika. Bwerani mudzandimangenso ine, ndili ndi sizasi yomwe ikanatha kubaya munthu.

Nditachonderera kwambiri anandilola kupereka mankhwala a shuga. Anawatulutsa bambo opanda nsapato, lamba atawalanda, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe. Munthu amene amaima kutsogolo Lamulungu anthu n'kukhala chete. Mtima unandiwawa, ndinalira pomwepo.

Wapolisi wa m'kaofesi uja anandikokera pambali ngati wachifundo. "Chemwali, musavutike. Lolemba tikawatengera kukhoti onse pamodzi. Akangoti ndikuvomera, chindapusa n'chochepa, azipita kwawo. Onse amatero." Umu ndi momwe amagwirira ntchito. Amayamba agwira munthu, mlandu amaufuna pambuyo, ndipo wotopa ndi chitokosi amavomera chilichonse.

Ineyo ndinawapempha bambo kuti angovomera. Ndinkaopa shuga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ndivomere chiyani? Akakandifunsa kumpingo kuti akulu munalakwanji, ndikati ndinakhala pansi? Dzina ndili nalo limodzi lomweli. Andiuze kaye cholakwa changa."

Loweruka kunabwera kasitomala wanga, mtsikana wophunzira zamalamulo ku Chirunga, kudzatenga siketi yake. Anandipeza maso atatupa. Anandifotokozera kuti dziko lathu linasaina mapangano a maufulu a anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mapanganowo amati munthu asalangidwe pa chinthu chomwe lamulo silinanene kuti ndi mlandu. Lamulolo lizikhala lomveka, munthu azidziwiratu choletsedwa asanachichite, osati wapolisi azilitanthauzira momwe wadzukira. Ndinamuuza kuti mawuwo ndi abwino, koma pakauntala paja sanafikepo.

Lolemba anzawo onse anakwezedwa galimoto, anakavomera. Lero ali ndi mbiri ya mlandu, ndipo mukawafunsa kuti mlandu wanji ena sadziwa n'komwe. Bambo anakanitsitsa. Cha kumasana anawatulutsa osakafika kukhoti. Milomo yawo inali itauma. Wamkulu uja anati, "Madala, takukhululukirani." Kuwakhululukira chiyani? Amati mlandu suwola, koma uwu sunabadwe n'komwe.

Bambo, ndi ulemu wawo uja, anavala lamba n'kunena kuti, "Zikomo bwana. Koma mundithandize kuti ndisadzalakwenso. Ndisamachite chiyani? Ndisamakhale pati?"

Bwanayo anaseka. Anati, "Mudzadziwa tikadzakugwiraninso."

Mawu amenewa sakundichoka m'mutu, ndipo ndakwiya. Akuluakulu a polisi, ndikufuna yankho. Bambo anga anaphwanya lamulo liti? Likuti chiyani? Munthu amaloledwa kukhala pansi pati m'tauni muno? Ngati ndi mlandu, lembani chikwangwani tonse tiwerenge. Ngati si mlandu, ndani ayankhe za munthu wodwala amene wagona pasimenti popanda chifukwa? Mukanawapeza atauma m'chitokosimo mukanalemba mlandu uti mwa itatu ija?

Inu a ku Sadzi, a ku Chikamveka, inu otsika kuphiri ndi madengu, zikakugwerani musafulumire kuvomera. Funsani dzina la mlandu. Funsani kuti mwachita chiyani chenicheni. Lero ndi bambo anga, mawa ndi mayi anu.

Dzulo anatsikanso, poti masitiroberi sadikira munthu. Ndinawapeza kumsika masana, dengu lili lopanda kanthu, ataima chilili. Ndinati ababa, takhalani pansi mupumeko. Anayang'ana kumsewu, uku ndi uku.

"Ayi mwanawe," anatero. "Ndikapumira kuphiri."