Galu Amene Ankagona Akaitanidwa

Chilimwe cha ku Chipoka chinali ndi fungo lakelake: usipa woyanika pathandala, utsi wa malasha wa sitima ya pamtunda, ndi fumbi la mchenga umene unkatiwotcha mapazi. Fungo limenelo likandipeza lero, ndimakumbukira chaka chimene galu wa mzungu anabwera pakhomo pathu. Ndinali kamtsikana ka mano ogweluka, kamakani kosauzika.

Bambo ankaphikira mzungu wina wa kunjanji. Pobwerera kwawo, mzunguyo anawasiyira galu wa mtundu wa bokisa, wofiirira, wa chifuwa chachikulu, mchira wodulidwa, mphuno yofinyika ngati anawombana ndi chitseko. Mudzi wonse unabwera kudzamuona, ena n'kumati ndi mphwake wa fisi. Dzina silinativute. Bambo anati tsiku lililonse ankamva bwana uja akukuwa kuti "Dauni!" galuyo akamamudumphira, ndiye dzina lake ndi lomwelo.

Dauni anali wamasewera osatha. Ankaika miyendo yakutsogolo pamapewa panga, dovu lili chuchuchu pamalaya. Akatero kwa ife ana tinkaseka, koma akadumphira mlendo ankalandira ndodo, ndipo kaya tinkati asiyanitsa bwanji. Vuto lenileni linali lina. Ukamuitana dzina, ankangogona pomwepo, chibwano pansi, maso ali pa iwe.

Amalume, achimwene awo a mayi, ndiwo anali eni bwato ndi thandala, ndipo mawu awo pakhomo sankabwezedwa. Iwo anati ulesi wotere autha okha. Anayamba kumuphunzitsa monga ankachitira ndi agalu a uzimba: tsabola m'chakudya kuti aluse, njala ya tsiku lathunthu, chingwe m'khosi. Dauni anangotsegula m'mimba n'kuwonda, ukali osabwera. Atatopa, amalume analamula kuti mvula yoyamba ikagwa galuyo asanaphunzire kubwera akaitanidwa, adzamupereka kwa alenje a kumtunda. Ndinkadziwa kuti kumeneko sakatha mwezi, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Tsiku lina anamumangirira pamtengo wa thandala kuti aziingitsa akhwangwala. Agalu akumudzi dzuwa lotero amalipirira, koma kamphuno kake kakafupi kaja sikankakoka mpweya wokwanira. Masana, pochokera kotunga madzi, ndinamupeza ali wefuwefu, thovu kukamwa, lilime litada, miyendo ikunjenjemera. Ndinatula mtsuko, ndinamasula chingwe, n'kuthamangira pamthunzi wa mango kuti anditsate.

"Dauni, tiye kuno!"

Anagona pamchenga wamoto uja. Akati adzuke, ine ndinkaitananso, iye n'kugonanso, akundiyang'ana. Kumunyamula sindikanatha, pakuti tinali olemera mofanana. Kulira kutandigwira, ndinaleka kuitana, ndipo ndinangoyamba kuwomba m'manja. Apo ndi pamene anadzuka, dzandidzandi, mpaka kudzagwera pamapazi anga.

Mayi anamuthira madzi a mumtsuko pamimba ndi m'mapazi, akumumwetsa pang'onopang'ono, mpaka kupuma kunabwerera m'malo. Ine mutu unali utagwira kale nkhani yonse. Amalume atafika kuchokera kokonza ukonde, ndinagwada patsogolo pawo, mantha nditawasiya kumango kuja.

"Amalume, galuyu si waulesi ayi. Dzina lakeli ndi limene sakulifuna."

Anaseka mpaka kutsokomola, ati chibadwire sanamvepo galu wosankha dzina. Koma mayi, amene sankakonda kutsutsana ndi achimwene awo, anayankha ali chowerama. "Achimwene, galu akanafera pathandala panu lero. Musiyireni mwanayu mpaka mvula."

Kwathu dzina la galu limakhala ndi mnyozo wake, ndipo mayi sanaphonye: anamutcha Mukadadziwa. Amalume anachita ngati sanamve. Ine ndinayamba ntchito m'mawa uliwonse kusanatenthe, ndi timagawo ta mbatata yootcha m'manja. Ndikaitana dzina latsopano iye n'kubwera, ankalandira kagawo ndi kusisitidwa m'khosi. Akandidumphira ndinkamufulatira osaseka, ndipo ndinaletsa ana onse kumuseka. Tsabola anatha, chingwe chinabwerera kubwato, masana ankagona pamthunzi pali phale la madzi.

Mvula yoyamba inagwa nthaka n'kununkhira, ndipo amalume sanaiwale mawu awo. Anaima pakhonde, anakonza kukhosi, n'kuitana dzina lowanyoza lija ndi pakamwa pawo. Mukadadziwa anachoka kuseri kwa nkhokwe ngati mphepo, n'kudzaima patsogolo pawo, kachitsa ka mchira kakuvina pamodzi ndi chiuno chonse.

"Chabwino, akhale," anatero amalume. "Koma dovu lakeli muzichapa ndinu."

Anakhala nafe mpaka imvi zinamera pamphuno pake. Nthawi yonseyo ndinkauza aliyense monyadira kuti ndinachiritsa galu wodana ndi dzina. Patapita zaka, kusukulu ya mishoni, aphunzitsi anatchula mawu omwe aja akuti "dauni" pophunzitsa Chingerezi, n'kutiuza kuti amatanthauza pansi. Anzanga anabwereza mokweza, ine n'kukumbukira galu wathu uja. Chingwe, njala ndi tsabola, zonse anazilandira chifukwa chomvera. Ngakhale pamchenga woyaka uja, mpweya ukumuthera, anachita zimene ndinamuuza.