Roketi ya bambo a Tadala sinauluke

Moni nonse.

Tangofika kunyumba ku Barking, ndipo roketi ya bambo a Tadala ili m'buti ya galimoto momwe tinaiikira m'mawa. Sinauluke.

Paja lero anali ndi mayeso ku kalabu yawo ija, kuti apatsidwe chilolezo choulutsa maroketi akuluakulu. Azakhali, pemphero lanu loti mvula isagwe linayankhidwa, sikunagwe ngakhale dontho. Koma tinaiwala kupempherera mitambo. Inatsika mpaka pamwamba pa mitengo, ndipo lamulo lawo ndi loti roketi isalowe mumtambo, chifukwa ikasowa m'maso sudziwa kuti ikagwera ndani.

Ndiye tinangokhala m'munda wa eni, makosi m'mwamba, tikumwa tiyi wozizira. Dzuwa linatuluka anthu atapakira kale, akutseka geti. Amuna anga anangoliyang'ana n'kunena kuti, "Mwafika tsopano, bwana?"

Tsono vuto ndi ili. Mayesowo awasunthira Loweruka la chinkhoswe cha mphwawo Chisomo ku Peckham, pomwe ankhoswe ake ndi amuna angawa. Akaphonya mayesowo, adikira mpaka chaka chamawa. Eniake atsegula buti, akungopukuta roketi yoyera kale.

Amalume, mukuti bwanji? Kodi unkhoswe amabwereketsana kwa tsiku limodzi?