Mphete ya a Mfuko Yapita ku Labu

Anzawo a kuntchito amawatchula kuti a Mfuko, ndipo eni ake sakana, poti moyo wawo wonse wathera chokwawa pansi pa mathanki a m'mafakitale. Ntchito yawo ndi kutapa dothi la pansipo, kulithira m'timabotolo, n'kulitumiza ku labu kuti akaone ngati thanki yakhala ikudonthezera mtovu kapena zitsulo zina zoopsa m'nthaka.

Koma ndiye munthu wa malamulo! Fosholo sayandikira, amatapa ndi supuni yapulasitiki, ati chitsulo chikangokhudza dothilo makina a ku labu amanama. Ngakhale mphete yaukwati amayamba avula, n'kuitsekera m'kabotolo kopanda kanthu.

Mphete imeneyi inali ndi nkhani yake. Ali mnyamata adagula ziwiri, yawo ndi ya akazi awo, n'kulumbira kuti ndi golide weniweni. Unali mkuwa, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe. Ana adabadwa mpaka kukula, bodza lili khale m'nyumba. Njoka za pansi pa thanki sankaziopa, koma zoti mayi adzadziwe zinkawatulutsa thukuta.

Tsiku lina dzuwa litawaphika mutu, kabotolo ka mphete kadapita ku labu limodzi ndi ta dothi. Adazindikira atafika kale kunyumba, ndiye madzulo onse dzanja linali m'thumba ngati bwana.

Loweruka m'mawa kudamveka odi. Anali mayi woyeza dothi ku labu kuja, munthu wosasunga mawu m'kamwa, kabotolo kali m'manja.

"A Mfuko, thanki yanu ija sikudontha, dothi lili bwinobwino. Koma aka titakaika pa makina tapeza mkuwa wokhawokha! Tiwauze a fakitale akumbe?"

Adaseka yekha, ulendo.

A Mfuko adacheuka, kabotolo kali m'manja. Akazi awo anali pomwepo, akuyanika zovala, ndipo adamva zonse.

"Amayi, imani ndifotokoze."

"Mufotokoza chiyani, bambo?" Mayiwo adapukuta manja pa diresi, n'kusendeza mphete yawo pang'ono. Pansi pake khungu linali lobiriwira. "Chala ichi chidayamba kutere tisanathe n'komwe mwezi m'banja."

"Aa! Nanga osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Ndimachitsuka m'mawa inu musanadzuke, lero lokha ndachedwa. Mmene mumanyadira mukamatchula golide wanuyo pamaso pa alendo, ine ndikanayambira pati kukulandani?"

Manyazi adawagwira a Mfuko, koma chimene chidawakhudza mtima kwambiri ndi chikondi cha mayiwa. Iwo adavutika kubisa bodza lawo, osadziwa kuti mnzawo akuwathandiza kulibisa.

Mayi adatsegula kabotolo, n'kuwagwira dzanja.

"Bweretsani chalacho kuno, anthu angayese mulibe mwini."

A Mfuko adapukuta m'maso, ati ndi fumbi la pansi pa thanki. Mayi sadawakumbutse kuti tsikulo sadapite kuntchito.